Msonkho wa kaboni, kalongonda ndi tikiti ya ku Joni

Mayi wina wa ku Luchenza wandilembera imelo. Mwana wawo wa ku Johannesburg wawatumizira tikiti ya ndege, koma iwo amva kuti ndege zimaononga nyengo ndipo maiko akulipiritsa msonkho wa kaboni, mpweya wa mu utsi umene umatenthetsa dziko. Akufunsa ngati akwere, komanso achepetse chiyani pakhomo.

Mayi, funso lanuli landikumbutsa agogo anga a ku Muloza. Ankaphika kalongonda tsiku lathunthu, kutaya madzi, kuthira ena, nkhuni zikungotha. Ine ndili mwana ntchito yanga inali yosonkhezera moto, maso ali psuu ndi utsi. Agogowo sanakwerepo ndege, ngakhale pa Chileka sanapondepo. Koma m'mwezi wa Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri, anthu ngati iwowo ndi amene anakokoloka. Nanga ndani akuyenera kumva manyazi pamenepa?

Zimandiwawa. Sweden inayamba msonkhowu mu 1991, South Africa mu 2019, ndipo chaka chomwecho nafenso tinauika pa magalimoto potengera kukula kwa injini. Mfundo yake ndi yabwino: wotulutsa utsi wambiri alipire zambiri, mwina asintha. Koma magetsi athu ambiri amachokera m'madzi a Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, osati m'malasha ngati a ku Joni. Ndege zonse pa dziko zimatulutsa pafupifupi magawo awiri kapena atatu pa 100 aliwonse a mpweya wa kaboniwu, ndipo ambiri okwera ndi omwewomwewo, okwera mwezi ndi mwezi. Inu mukukwera kamodzi kukaona adzukulu.

Vuto lathu lenileni lili pa njinga zija zimatsika m'mamawa zitasenza matumba a makala. Pamenepa sindinyengerera munthu, ngakhale nane ndimagula. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje tinaudula mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Maesiteti a tiyi amadzala okha bulugamu woumitsira tiyi wawo, ife tikungodikira nkhalango ya boma. Ndipo magetsi akazima, monga muja Kapichira inaonongekera ndi namondwe wa Ana mu 2022, ngakhale a m'tauni amathamangira makala omwewo. Tsiku lina ndinakangana ndi mlamu wanga pa nkhani imeneyi mpaka nsima inazizira.

Zoti muchite

Kwerani ndegeyo, mayi. Ngati ilipo yosatera pena panjira, sankhani imeneyo, chifukwa ponyamuka mpamene imamwa mafuta kwambiri, ndipo musadzaze chikwama ndi ufa wa banja lonse. Pakhomo, chotsani mababu akale a 60W muike a LED a 9W, muona mayunitsi akukhalitsa. Nyemba muziviika usiku, mphika muzivundikira, ndipo pezani chitetezo mbaula m'malo mwa mafuwa. Kalongonda yekha ndiye ndalephera, amafunabe nkhuni zake.