Katoni ya mabuku yomwe yatsekeredwa mu ofesi ya ahedi

Mtsikana wina wa Fomu 3 pa sekondale yoyendera cha ku Lizulu m'boma la Ntcheu wandilembera kalata ya masamba anayi. Akuti sukulu yawo inalandira makatoni atatu a mabuku kuchokera kwa anthu akufuna kwabwino, awiri anaikidwa m'laibulale, koma yachitatu ahedi anaitsekera mu ofesi mwawo ponena kuti muli mabuku a ndale omwe angasokoneze mitu ya ana. Iye atakadandaula kunyumba, bambo ake anagwirizana ndi ahedi, ndipo anamulamula kuti asiye phunziro la mbiri yakale, alimbikire zaunamwino, popeza ndale zinapha anthu ambiri. Mtsikanayo akufuna kudzakhala mlakatuli womenyera ufulu, ndipo akufunsa ngati nkoyenera kuti iye ndi anzake anyanyale maphunziro mpaka katoniyo itsekulidwe. Kumapeto kwenikweni, m'tizilembo tating'ono, waulula kuti teremu yathayi analakwa Masamu ndiponso Chingerezi anangokhoza mokoka.

Makalata otere ndimawadziwa, ndipo pafupifupi onse amafanana pa chinthu chimodzi: mwana ali ndi moto, kholo lili ndi mantha, mphunzitsi wamkulu akuteteza ntchito yake, ndipo palibe aliyense mwa atatuwa amene wawerenga buku lomwe akukanganiranalo.

Ndiyambe ndi inu bambo, chifukwa mantha anu sindikuwapeputsa. Ine ndinaphunzira sekondale ku Dedza m'zaka za m'ma 1980, ndipo ndikukumbukira mphunzitsi wathu wa Chingerezi amene ankakuta mabuku ake ena ndi pepala la khaki nkulemba pamwamba kuti Masamu. Ankatibwereketsa mmodzimmodzi, Lachisanu madzulo, ndipo Lolemba m'mamawa linkayenera kukhala litabwerera m'chikwama mwake tisanafole. Lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo bungwe lomwe linkagwira ntchitoyi linaletsa mabuku ochuluka, kuphatikizapo Animal Farm la George Orwell. Chaka chomwecho Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi, ndipo ana a kumpoto anayamba kuphunzira popanda mabuku a m'chiyankhulo chawo. A Jack Mapanje, omwe anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, anamangidwa mu Sepitembala 1987 nkukhala m'ndende ya Mikuyu mpaka 1991 osaimbidwa mlandu uliwonse. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Chikatolika atatulutsa kalata yawo ija yodzudzula boma, kungopezeka nayo m'thumba unali mlandu. Zonsezi munaziona kapena kuzimva muli anyamata, ndiye mukamati ndale zimapha simukunama.

Koma mukulakwitsa, ndipo ndikuuzani mosapsatira. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavota pa referendamu nkusankha ulamuliro wa zipani zambiri, mu Meyi 1994 anasankha boma latsopano, ndipo malamulo oyendetsera dziko lino, m'gawo 35, amapatsa munthu aliyense ufulu wofotokoza maganizo ake, pomwe gawo 37 limanena za ufulu wopeza uthenga. Mwana wanu anabadwa zonsezi zitachitika kale, koma inu mukumulera ngati a Payoniya adakali kuseri kwa nkhokwe. Chimene chimanditopetsa kwambiri ndi chakuti makolo ambiri amene amabisala kumbuyo kwa mantha a ndale, pansi pa mtima amangofuna mwana wovala yunifolomu yoyera amene adzayambe msanga kutumiza ndalama ya feteleza. Unamwino ndi ntchito yaulemu, koma umalowedwa ndi munthu amene wakhoza bwino masayansi ndi Masamu, ndipo mwana wanuyu Masamuwo akumugwetsa. Mukamuchotsa pa phunziro lomwe amakhoza nkumukankhira kumene akulephera, mapointi ake a MSCE adzakwera, ndipo mudzataya zonse ziwiri, unamwino womwe mukufunawo ndi mwayi umene anali nawo.

Za ahedi ndinene izi. Mphunzitsi wamkulu ali ndi udindo woona ngati buku likuyenera msinkhu wa ana, ndipo zimenezo palibe angatsutse. Koma kusankha buku utaliwerenga ndi kwina, kutsekera katoni yonse chifukwa waona dzina la mtsogoleri pachikuto ndi kwinanso. Buku la ndakatulo la a Mapanje, Of Chameleons and Gods, lomwe linasindikizidwa mu 1981, linachotsedwa m'masukulu ndi m'mashopu cha mu 1985 mwakachetechete, popanda kuuza anthu chomwe linalakwa. Umo ndi momwe kuletsa mabuku kumayendera nthawi zambiri: sipakhala kalata yokhala ndi chidindo, pamangokhala munthu mmodzi wogwira kiyi amene waganiza kuti kutseka sikungamuchotsetse ntchito, pomwe kutsekula mwina kungatero. Ngakhale mu 2011, nthawi ya zipani zambiri, mphunzitsi wa ku Chancellor College, a Blessings Chinsinga, anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa cha chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, ndipo maphunziro anasokonekera kwa miyezi yambiri aphunzitsi akumenyera ufulu wawo wophunzitsa. Ahedi anuwo mwina akukumbukira zimenezo, ngakhale kuti palibe amene wawalamula kubisa kanthu.

Tsopano iwe mwana wanga. Za kunyanyala uiwale lero lomwe. Ndaona sitalaka za ana a sukulu zikuyamba ndi nyimbo m'mawa nkuthera pa magalasi osweka madzulo, ndipo amene amachotsedwa sukulu amakhala atsogoleri, oyamba kutchulidwa maina, ndiye kuti iweyo. Katoniyo idzakhalabe mu ofesi, chiswe chikuidya pansi, iwe uli pamsika wa Lizulu kugulitsa kachewere ndi kabichi m'mbali mwa msewu. Njira ilipo ndipo ndi yotopetsa: lembani kalata yaulemu, musayine ochepa, mupereke kudzera kwa mphunzitsi woyang'anira laibulale, mupemphe kuti aphunzitsi awiri kapena atatu awerenge mabukuwo nkunena lomwe silikuyenera ndi chifukwa chake. Zikakanika, nkhaniyo ipite ku komiti ya makolo ndi aphunzitsi, komwe bambo ako omwe angakhalepo nkumva okha mitu ya mabukuwo ikuwerengedwa mokweza. Mudzadabwa kuona kuti ambiri mwa mabuku oopsawo ndi mbiri ya anthu monga Nelson Mandela.

Loto lako la ulakatuli ndiliboole pang'ono, chifukwa ndikapanda kutero ndikhala ndikukunamiza. Ku Malawi kuno ndakatulo yokha siilipira lendi. A Mapanje amene ukuwasirirawo anali mphunzitsi wophunzira kwambiri za ziyankhulo, ndipo ndakatulo ankalemba ali ndi ntchito. Komanso sindikumvetsa kuti munthu amene akulirira katoni yotsekedwa wawerenga mabuku angati m'makatoni awiri otsekula aja. Kalata yako sinatchule ngakhale limodzi. Ana ambiri a masiku ano amakonda buku likaletsedwa, koma likaikidwa pashelefu amalidutsa nkuthamangira foni. Ngati Chingerezi ukukhoza mokoka, ndiye kuti ukuwerenga pang'ono, ndipo popanda kirediti ya Chingerezi palibe yunivesite ya boma imene idzakuyang'ane, ngakhale ndakatulo zako zitakhala zoliza anthu pamaliro.

Njira imene ine ndimaikhulupirira kwa mwana ngati iwe ndi ya uphunzitsi wa ziyankhulo ndi mbiri yakale, ndipo ndikudziwa kuti ukuwerenga izi utakwinya nkhope, chifukwa ana ambiri amatenga uphunzitsi ngati kothawira akalephera kwina. Taganiza bwino. Munthu amene amasankha buku lomwe mwana wa ku Tsangano kapena ku Kasinje awerenge si mlakatuli wa pa wailesi, koma mphunzitsi amene wasunga kiyi, ndipo pamwamba pake pali aphunzitsi anzake omwe amakhala pansi ku Malawi Institute of Education ku Domasi kukonza silabasi, ndi ena amene amalemba mafunso a MANEB. Onsewa anayambira m'kalasi, choko chili m'manja. Maphunziro auphunzitsi wa kusekondale amapezeka ku University of Malawi ku Zomba, ku Mzuzu University, ndiponso ku makoleji a Domasi ndi Nalikule. Ku Mzuzu kulinso digiri ya kasungidwe ka mabuku ndi uthenga, imene ana ambiri saidziwa nkomwe, chonsecho ndiyo imatulutsa anthu ogwira ntchito m'malaibulale ndi kumalo osungira zolemba zakale za dziko ngati aja a ku Zomba. Utolankhani nawo ulipo ku MUBAS ndi ku Malawi Institute of Journalism, koma ntchito zake ndi zochepa, ndipo ndikanakonda uupeze uli kale ndi pogwira. Malipiro a mphunzitsi ndi ochepa, ndipo kudikira kuti boma likulembe ntchito kumatha kutenga nthawi; zimenezo sindikubisira.

Kalata yako, ngakhale ili ndi zolakwika, ili ndi mutu ndi miyendo, ndipo mfundo zako zikutsatana bwino kuposa za ana ambiri a Fomu 4 amene amandilembera. Zimenezo zikundipatsa chiyembekezo pang'ono. Watsala ndi chaka chimodzi ndi miyezi ingapo kuti ulembe mayeso. Usasiye phunziro la mbiri yakale, upeze mnzako wokhoza Masamu muzikhala limodzi madzulo aliwonse, ndipo uyambe kuwerenga makatoni awiri aja buku limodzi pa sabata ziwiri zilizonse, uzilemba m'kope chimene wapezamo. Teremu ikatha unditumizire kopelo pamodzi ndi lipoti lako, ndipo bambo ako asayine pachikuto kuti aliona.