Zikalata za ku Istanbul ndi ku Lisbon: tiziwerenga bwanji pofufuza ubale wa Africa ndi ufumu wa Ottoman?

Mphunzitsi wina wa mbiri yakale pa sekondale ina ku Chikwawa wanditumizira imelo yofunsa ngati munthu wofuna kudziwa chiyambi cha ubale wa anthu a ku Turkey ndi a mu Africa angadalire zikalata zakale zosungidwa kunja, komanso ngati nkhaniyi ikutikhudza ife a kuno.

Aphunzitsi, zikalata zakunja simungazilambalale, chifukwa zambiri zokhudza ubalewu zidalembedwa ndi alembi a mafumu akutali ndipo zidakali komweko. Koma ndikupempheni kuti musakhulupirire nkhokwe imodzi yokha, pakuti mlembi aliyense ankalemba zokomera amene ankamudyetsa.

Nkhokwe yaikulu ili ku Istanbul, m'dera la Kağıthane, kumene zikalata za ufumu wa Ottoman, ufumu wakale wa ku Turkey, zidasamutsidwira mu 2013. Ufumuwu udalanda Egypt mu 1517 ndi doko la Massawa ku Eritrea mu 1557, kotero malamulo ambiri ochokera kulikulu ankanena za Africa. Alembi ankakopera malamulowo m'mabuku otchedwa Mühimme, ndipo m'menemo muli mayankho amene Sultan Murad III adatumiza kwa Idris Alooma, mfumu ya Bornu pafupi ndi nyanja ya Chad, m'zaka za m'ma 1570. Vuto ndi kuwerenga. Dziko la Turkey lidasiya zilembo za Chiarabu mu 1928, moti ngakhale mbadwa ya kumeneko imayamba yaphunzira kaye isanathe kuwerenga zolemba za makolo ake. Masiku adalembedwa potsata kalendala ya Chisilamu, ndipo mukalemba dzina lakuti Ethiopia kapena Zanzibar pofufuza mudzabwerako chimanjamanja, chifukwa alembiwo ankati Habeş ndi Zengibar.

Nkhani imene ndikufuna tiyedzamirepo ndi ya ku Mombasa, chifukwa ikufika mpaka pakhomo panu. Cha m'ma 1585, mtsogoleri wa zombo za ufumu wa Ottoman wotchedwa Mir Ali Bey adatsika kuchokera ku Yemen, ndipo mizinda ingapo ya Aswahili yotopa ndi Apwitikizi idamulandira ndi manja awiri. Atabweranso ndi zombo zisanu, Apwitikizi adatumiza gulu la nkhondo kuchokera ku Goa ku India motsogozedwa ndi Tomé de Sousa Coutinho, ndipo mu 1589 adamupanikiza pa chilumba cha Mombasa. Munthu angayembekeze kuti nkhani yaikulu chonchi yadzaza mabuku a ku Istanbul, koma pafupifupi zonse zimene tikudziwa za Mir Ali zidachokera kwa adani ake. Ofufuza amapita ku nkhokwe ya zikalata ya Torre do Tombo ku Lisbon, ngakhale kuti chivomezi cha 1755 chidawononga zikalata zambiri za malonda a kum'mawa mumzindawo, ndiponso ku Goa, kumene kuli makalata a pakati pa mfumu ya Portugal ndi nduna zake za ku India.

Wansembe wa chipani cha Dominiko, João dos Santos, ndiye adafalitsa nkhaniyi m'buku lake la Ethiopia Oriental la 1609. Iye akuti pamene Apwitikizi adatseka njira ya panyanja, kumtunda kudatulukira khamu la Azimba, anthu amene akuwatchula kuti odya anzawo, ochokera ku chigwa cha Zambezi. Akuti Azimbawo adawolokera pachilumba n'kuyamba kupha, ndipo Mir Ali adathamangira m'madzi kukadzipereka kwa Apwitikizi. Tsono akatswiri angapo a mbiri ya Amaravi amati Azimba a ku Zambezi adali ankhondo a Lundu, amene ufumu wake udakalipo m'boma lanu lomwelo.

Apa mpamene pafunika mtima wodekha. Dos Santos adakhalako ku Sofala, ku Sena ndi ku Tete, ndipo za Azimba amene adapha akuluakulu a asilikali a Chipwitikizi m'dera la Zambezi mu 1592 adazimva pafupi. Koma pa nkhondo ya ku Mombasa iye padalibe, adachita kuuzidwa. Kodi khamu limodzi lidayendadi mtunda woposa makilomita 1,000 n'kufika ndendende sabata imene zombo za ku Goa zidafika? Ofufuza ena, monga Giancarlo Casale, amakayikira zimenezi, ndipo ena amaganiza kuti Apwitikizi ankamata dzina lakuti Zimba pa gulu lililonse la ankhondo a kumtunda limene ankaliopa. Ine ndimaona kuti mawu akuti "odya anthu" adali othandiza kwambiri kwa wolemba wofuna kuonetsa kuti Apwitikizi ndiwo adali opulumutsa, ndipo zimandipweteka kuti mawuwa akhala akukopedwa kuchoka m'buku lina kupita m'buku lina popanda wofunsa kuti mboni yake idali yani.

Pali nkhani zina zimene nkhokwe zimathandizana bwino. Abu Bakr Effendi, mphunzitsi wa Chisilamu amene Sultan Abdülaziz adamutumiza ku Cape Town komwe adafika mu 1863, amapezeka m'zikalata za ku Istanbul, za ku Kew ku London ndi za ku Cape Town komweko, ndipo buku lake la Chiafrikaans cholembedwa m'zilembo za Chiarabu lidasindikizidwa ku Istanbul mu 1877. Koma akapolo a mu Africa amene adagulitsidwa m'mizinda ya ufumuwo, omwe zidzukulu zawo zina zili m'midzi yozungulira mzinda wa Izmir ku Turkey, kawirikawiri amaoneka m'zikalata ngati chiwerengero kapena katundu wa m'chuma cha masiye.

Poyambira panu sipafuna tikiti ya ndege. Mbali zina za buku la Dos Santos zidamasuliridwa m'Chingerezi mu gawo 7 la Records of South-Eastern Africa la George McCall Theal, ndipo limapezeka pa intaneti. Muliwerenge pamodzi ndi River of Blood la Matthew Schoffeleers la 1992, limene lidasanthula mbiri ya Lundu ndi Mbona kuchokera m'kamwa mwa Amang'anja. Mukatero, tengani ophunzira anu mukakhale pansi ndi akuluakulu a kwa Lundu, muwafunse zimene makolo adawasiyira zokhudza nkhondo za nthawi imeneyo, ndipo mulembe dzina la wonena, mudzi wake ndi tsiku limene wanena.