Funsani Tikuyankheni: Kodi Galimoto Yaing'ono Ingafike ku Nyika?

FUNSO: Akonzi, ine pamodzi ndi mayi a kunyumba takhala tikusunga ndalama kuti pa tchuthi cha Khirisimasi titenge ana athu atatu kukaona chigawo cha kumpoto, komwe sitinapondeko. Tikufuna kunyamuka ku Lilongwe, kudzera ku Mzuzu, kukaona nyama ku Vwaza ndi ku Nyika, kenako kukwera ku Livingstonia, zonsezi m'masiku anayi. Galimoto yathu ndi Toyota Sienta. Kodi n'zotheka? Bambo wa ana atatu, Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Bambo, malo mwasankhawo ndi abwino ndithu, koma nyengo, galimoto ndi masiku anu sizikugwirizana, ndipo ndi bwino tikuuzeni lero kusiyana n'kuti mukazizindikire mutatitimira m'matope dzuwa litalowa.

Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Mzuzu pa msewu wa M1 ndi makilomita oposa 350, ndipo Sienta iyenda popanda vuto. Mukadutsa ku Kasungu ndi pa Jenda, pomwe mungagule tomato ndi anyezi wa paulendo, msewu umakwera mapiri a Viphya n'kulowa m'nkhalango ya Chikangawa. Kumeneko chifunga chimatsika mosayembekezereka ndipo malole onyamula matabwa amayenda pang'onopang'ono m'makona, choncho konzani zoti mudutsepo kukuwala. Tsiku loyamba latha pamenepo.

Nkhani yaikulu iyambira ku Rumphi. Kuchoka pabomapo kukafika ku Chelinda, pakati pa Nyika, ndi makilomita opitirira 100 okha, koma mbali yaikulu ndi msewu wafumbi umene ngakhale m'chilimwe umadya maola atatu kapena anayi. Mu Disembala mvula imakhala itayamba, dothi limaterera, madzi amakumba ngalande pakati pa msewu, ndipo galimoto yofupika pansi ngati yanuyo, itanyamula anthu asanu ndi katundu wawo, imakhula mimba pa miyala. Kumeneko kumafunika galimoto yaitali yokoka ndi matayala onse anayi. Dziwaninso kuti mukachoka ku Rumphi simupezanso podalirika pomwetsera mafuta, ndipo foni imasowa netiweki m'malo ambiri.

Tikunena izi osati pofuna kukugwetsani mphwayi, chifukwa Nyika si malo ongodutsapo. Idakhazikitsidwa mu 1965 ngati malo oyamba otetezerako zachilengedwe a mtundu wa national park m'dziko muno, ndipo ndi aakulu kuposa onse, oposa masikweya kilomita 3,000. Chelinda ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 2,300, pakati pa zitunda za udzu zopanda mitengo zomwe diso silifika kumapeto kwake, ndipo mbidzi, chilembwe ndi ntchefu zimadya poyera osabisala. Mwana wokulira mu Lilongwe adzadabwa kumva kuti m'mwezi wa Juni ndi Julaye udzu umadzuka utayera ndi chisanu, m'Malawi momwemuno. Ubwino wa nyengo ya mvula ndi umodzi: ndiyo nthawi imene maluwa a orchid, omwe kumeneko aliko mitundu yoposa 200, amamasula. Munthu amene wavutika maola anayi kukwera kumeneko agoneko masiku awiri, apo ayi wangotopetsa ana.

Vwaza ili pafupi, mukapatuka pa msewu womwewo wodzera ku Bolero. Pa nyanja ya Kazuni pali mvuu zambiri, ndipo njovu ndi njati zimabwera kudzamwa, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala pamene madzi auma kwina konse; mvula ikagwa nyamazo zimamwazikana m'tchire. Kuli ntchentche za kashembe zomwe zimafalitsa matenda a kaodzera, choncho tsekani mawindo m'nkhalango ndipo ana asavale zabuluu kapena zakuda, poti mitundu imeneyi imazikopa.

Ku Livingstonia, komwe Dr Robert Laws adasamutsirako mishoni mu 1894, ambiri amakudziwa chifukwa cha msewu wa Gorodi wochokera ku Chitimba m'mbali mwa nyanja, wa makona 20 okhota ngati chigongono pa makilomita pafupifupi 15. Msewu umenewo ausiyireni a magalimoto amphamvu. Inu dzerani wochokera ku Njakwa, umene umakwera mofatsa, mutafunsa kaye madalaivala a ku Rumphi momwe ulili sabata imeneyo. Mukafika, onetsani ana nyumba ya miyala ya Stone House ndi mathithi a Manchewe, ndipo muwafotokozere za 1959, pamene boma la atsamunda lidatumiza ndege kufunsa amishoni ngati akufuna kuthawitsidwa, iwo n'kuyankha poyala miyala pansi molemba Aefeso 2:14, kusonyeza kuti akuda ndi azungu akhalabe limodzi.

Ngati Disembala sangasinthike, pitani ku Mzuzu ndi ku Livingstonia, mutsikire kunyanja kudzera pa Chiweta muli pa giya yotsika kuti mabuleki asatenthe, ndipo masiku anayi akukwanirani. Vwaza ndi Nyika muzisungire tchuthi cha Ogasiti, mubwereke galimoto yoyenera, muonjezere masiku akhale asanu ndi limodzi, ndipo musaiwale majuzi ndi mabulangete.