Kodi udzu wa pansi pa nyanja yamchere umasungadi kaboni kuposa nkhalango?

Aphunzitsi ena a ku Ndirande anditumizira imelo yofunsa kuti: "Ndinamva pa wailesi kuti pansi pa nyanja zamchere pali udzu wosunga kaboni kuposa nkhalango. Kodi n'zoona, nanga udzuwo si ndere yomwe timaiona ku Mangochi?"

Aphunzitsi, ndiyambe ndi funso lachiwirilo: si ndere ayi. Udzu umenewu uli ndi mizu, umachita maluwa n'kubala njere ngati zomera za kumtunda, ndipo mitundu yake ilipo pafupifupi 70. Umamera m'madzi amchere osaya kwambiri, momwe kuwala kwa dzuwa kumafika pansi, choncho m'nyanja ya Malawi mulibe. Woyandikana nafe uli kugombe la Mozambique, monga ku Bazaruto, komwe nyama yoyamwitsa ya m'nyanja yotchedwa dugong imaudya.

Za kuposa nkhalangozo ndikuvomereza, koma mosamala. Nkhalango zonse za padziko lapansi zikaphatikizidwa zimasunga kaboni (chinthu chomwe zomera zimatenga mu mpweya wotenthetsa dziko n'kusunga m'matupi mwake) wochuluka kwambiri kuposa udzuwu. Pomwe udzuwu umapambana ndi pa liwiro lokwirira kaboni m'nthaka ya hekitala imodzi. Malo omwe umamera sakwana magawo 0.2 pa 100 alionse a pansi pa nyanja, komabe kaboni wokwana pafupifupi magawo 10 pa 100 alionse a yemwe amakwiririka pansi pa nyanja chaka chilichonse amakwiririka m'malo amenewa.

Nkhokwe yeniyeni si masamba koma matope a pansi pake. Masamba amatenga mpweya wa kaboni wosungunuka m'madzi n'kupanga chakudya mothandizidwa ndi dzuwa, komanso amachepetsa mphamvu ya mafunde, kotero tizinyalala toyandama timakhazikika pansi. Mizu ndi matsinde oyanga m'nthaka zimagwira matopewo kuti asakokoloke. Mukumbukire dothi lakuda bii la kudambo, lija mukalikumba ndi khasu mumapezamo mizu yakalekale yosawola bwino: m'nthaka yodzaza madzi mpweya wa okosijeni umachepa, ndiye tizilombo towoletsa zinthu timagwira ntchito pang'onopang'ono. Tsamba logwa m'nkhalango ya ku Michiru limawola msanga n'kubweza kaboni wake mumlengalenga, pomwe pansi pa udzu wotchedwa Posidonia oceanica, m'nyanja ya Mediterranean, pali milu ya mizu yakufa yokhuthala mamita angapo yomwe yakhala zaka masauzande.

Chomwe pa wailesi mwina sadachitchule n'chakuti nkhokweyi ikapasuka, kaboniyo amathawa. Ku Shark Bay, m'dziko la Australia, madzi adatentha mopitirira muyeso m'chilimwe cha 2010 mpaka 2011, udzu wambiri udafa, ndipo matope omwe udali kuteteza adatsala pambalambanda. Kwina udzuwu umazulidwa ndi anangula a maboti ndi maukonde okoka pansi. Kafukufuku wina wa mu 2009 adapeza kuti magawo 29 pa 100 alionse a malo odziwika a udzuwu adali atatha kuchokera mu 1879.

Mdani wina wamkulu ndi madzi a matope ndi zonyansa zochokera kumtunda, chifukwa zimatchinga dzuwa, udzu n'kufota. Mukamaphunzitsa ana nkhaniyi, muwaonetse mtsinje wa Mudi mvula ikangokata, madzi ali psuu ndi dothi lokokoloka m'mapiri momwe mitengo idatha, kenako mulondole nawo pa mapu njira ya madziwo: kulowa mu Shire, kukathira mu Zambezi, mpaka kukafika m'nyanja ya Indian Ocean kugombe la Mozambique.