Akuti achotse nthiti chifukwa cha mkono wotupa

Mayi wina wandilembera kuti amuna awo, omwe amapaka penti ku Johannesburg, anadzuka mkono wamanja utatupa komanso utabiriwira. Madokotala apeza magazi oundana mumtsempha wa m'munsi mwa khosi ndipo akufuna kuchotsa nthiti yoyamba. Mayiwo akufunsa ngati mankhwala okha sangakwanire.

Achemwali, kalata yanu yandiwawitsa mtima, chifukwa mng'ono wanga anadwala matenda omwewa. Iye amakhoma siling'i, tsiku lonse mikono ili m'mwamba. Atapita kuchipatala china anamuuza kuti wangobinya, nam'patsa mankhwala opha ululu. Mayi athu ankamuthowa ndi madzi otentha. Pomwe ankamuunika ndi makina a ultrasound, magaziwo anali atauma kale mumtsempha.

Mtsempha wobweza magazi kuchokera kumkono, wotchedwa subclavian, umadutsa pakampata kopapatiza pakati pa fupa lopingasa la m'munsi mwa khosi ndi nthiti yoyamba. Ukamafinyidwa pamenepo tsiku ndi tsiku, mkati mwake mumachita zipsera, kenako magazi amaundana. Si matenda achilendo ayi. Dokotala James Paget anawafotokoza ku London mu 1875, dokotala Leopold von Schrötter ku Vienna mu 1884, ndipo mpaka pano amagwira osambira, onyamula zitsulo ndi amisiri, anthu amphamvu zawo. N'chifukwa chake zimandikwiyitsa kuti mnyamata wa mkono wotupa chonchi amabwezedwa kunyumba osamuunika.

Mng'ono wanga anamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, kutupako kunaphwa, koma akangobwerera pamakwerero mkono unkalemeranso. Mankhwala otere sakulitsa kampata kaja, koma kuchotsa nthiti ndiko kumakakulitsa. Kwa munthu amene amadyera mkono wake, ine ndikuti mankhwala okha ndi theka chabe la chithandizo. Ena amathamangira stent, kawaya kotsegula mtsempha, koma kakaikidwa nthiti ikadali pomwepo, mafupa awiriwo amakaphwanya. Kunyumba abale anaopa kwambiri atamva za nthiti. Komatu njira yoichotsera kudzera m'khwapa anaifotokoza dokotala David Roos wa ku Denver kalekale mu 1966, ndipo munthu amapuma bwinobwino popanda nthiti imeneyi. Zoopsa zilipo ndithu: mpweya kulowa m'chifuwa n'kufinya phapo, kutaya magazi, kapena kuvulala kwa minyewa yopita kumkono. Zimenezi zimafuna dokotala wa opaleshoni ya mitsempha amene anazolowera ntchitoyi.

Ndiye mutani?

Funsani lero ngati angasungunule magaziwo ndi mankhwala odzera m'kapaipi kolowetsa mumtsempha, chifukwa njirayi imagwira bwino masiku 14 asanathe chiyambireni vutoli. Kenako nthiti ichoke, mtsempha ukatsala wopapatiza aukuze ndi kabaluni, ndipo amuna anuwo amwe mankhwala oletsa kuundana kwa miyezi pafupifupi 3 kapena monga adokotala anenere. Akayamba kubanika kapena kumva kupweteka pachifuwa, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa magazi oundanawo amatha kuthawira kumapapo.