Mlonda wausiku amene tulo timamukana masana

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene wagwira ntchito ya ulonda wausiku ku Lilongwe kwa zaka zitatu. Iwo akuti amaweruka 6 koloko m'mawa maso ali psuu, koma akafika kunyumba amangogona maola atatu basi tulo n'kubalalika, pamene cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, nthawi yofunika kukhala tcheru pageti, amangosinza. Akufunsa ngati amenewa ali matenda, komanso chifukwa chimene thupi lawo likukanira kuzolowera.

Bambo, thupi lanu silinasokonekere ayi, likungomvera dzuwa kuposa abwana anu. Tulo timayendetsedwa ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi adenosine, mankhwala opangidwa m'thupi momwemo amene amaunjikana mu ubongo munthu akakhala maso nthawi yaitali, ndipo ndiye amalemeretsa zikope. Chachiwiri ndi wotchi ya m'thupi, kagulu ka maselo kotchedwa suprachiasmatic nucleus, kamene kali mu ubongo pamwamba pa malo amene mitsempha ya maso imapingasana. Kukada, wotchiyi imauza thupi kuti litulutse melatonin, mankhwala a m'thupi othandiza kubweretsa tulo, ndipo kutentha kwa thupi kumatsika mpaka kufika pansi penipeni chakum'bandakucha, nthawi yomweyo imene inu mumagwetsa mutu pageti.

Wotchiyi imayenda yokha ngakhale munthu asaone dzuwa. M'chaka cha 1962, Michel Siffre wa ku France anakhala miyezi iwiri m'phanga lamdima wopanda wotchi yapamkono, koma thupi lake linapitiriza kugona ndi kudzuka pa mzungulire wopitirira pang'ono maola 24. Chimene chimaikonza tsiku ndi tsiku kuti igwirizane ndi dziko ndi kuwala kolowa m'maso, makamaka kwa m'mawa.

Taganizirani tsono zimene zimachitika mukaweruka. Mumapalasa njinga kapena kudikira minibasi dzuwa likukuwombani m'maso, ndiye pofika pakhomo ubongo wauzidwa kale kuti kwacha. Mumagonabe chifukwa adenosine wachuluka, koma akangochepa pakatha maola atatu aja, wotchi imakudzutsani, poti kwa iyo ano ndi masana. Onjezani denga la malata likuthetheka ndi dzuwa la Okutobala, ana akusewera pabwalo ndi wailesi ya aneba. Masiku opuma mumabwereranso kugona usiku kuti mupite kutchalitchi kapena kumaliro, zimene sindingakudzudzuleni nazo, koma n'chifukwa chake zaka zitatu zatha wotchi isanasunthe.

Ine ndikuona kuti kulimbana kuti mugone maola asanu ndi awiri nthawi imodzi masana n'kudzivutitsa chabe, ndipo ndi bwino kugawa tulo pawiri. Pobwerera kunyumba valani magalasi akuda, mukafika idyani pang'ono, khomani bulangete lochindikala pazenera, ikani foni patali ndipo gonani nthawi yomweyo chipinda chisanatenthe. Madzulo, musanapite kuntchito, gonaninso ola limodzi ndi theka. Mayi akunyumba ndi ana muwafotokozere kuti maola amenewa ndiwo usiku wanu, chifukwa anthu ambiri akaona mwamuna ali chigonere masana amangoti ndi ulesi, n'kumudzutsa mlendo aliyense akati odi.

Tiyi ndi khofi wa mufulasiki musamale naye. Caffeine, amene amapezeka mu tiyi ndi khofi, amatseka malo amene adenosine amagwirirapo ntchito, ndipo pakatha maola pafupifupi asanu theka lake limakhala lidakali m'magazi, choncho kapu ya 4 koloko m'bandakucha imakutsatirani mpaka pabedi. Imwani kumayambiriro kwa usiku, ndipo ikakwana 1 koloko musiye. Mowa nawo umagonetsa msanga koma umadula tulo pakati, ndipo mapiritsi a Piriton amene ena amagula pagolosale kuti agonere amasiya munthu ali wofooka podzuka.

Pali zizindikiro zimene sizifuna malangizo a pa intaneti. Ngati mayi amakuuzani kuti mumaliza mkonono kwambiri n'kumasiya kupuma kwa kanthawi, kenako n'kudzidzimuka ngati mwatsamwa, amenewo akhoza kukhala matenda obanika kutulo, ndipo pitani kuchipatala. Chimodzimodzinso ngati mwayamba kusinza muli panjinga pamsewu. Mukapita, apempheni akuyezeninso BP ndi shuga, chifukwa matenda awiriwa amapezeka kawirikawiri mwa anthu amene agwira ntchito usiku kwa zaka zambiri.