Musanatumize ndalama za puloti ija, funsani za msewu

Achimwene ena amene ali ku Joni andilembera imelo. Akuti m'bale wawo wawapezera puloti kupitirira Chitedze, pamsewu wa ku Mchinji, mtengo wake wabwino, amfumu asayina okha. Agule kodi, poti aliyense akuti tauni ikulowera komweko?

Achimwene, mwanditokosa pachilonda.

Ine ndimakhala kunja kwa malire a mzinda wa Lilongwe, mbali ya ku Bunda. Pogula malowa kunali minda ya chimanga yokhayokha. Nduna ya amfumu inayeza ndi mapazi, nkudzala nkhadze m'makona, kenako inaloza ndi ndodo kuti apa padzadutsa msewu, apo ndi pa sukulu. Msewuwo unali wotakasuka ndithu, ngolo ziwiri zimapatukirana bwinobwino. Anthu atayamba kubwera, aliyense pomanga mpanda amatsinako pang'ono, wakumanja pang'ono, wakumanzere pang'ono. Tsiku lina tinangodzuka nkupeza maziko akumbidwa kumathero kwa msewu uja. Mwini wake anali ndi pepala losayinidwa ngati langa lomwe. Lero lole ya mchenga imatsitsira kutali, ndiye umalipira kawiri, woyendetsa lole ndi anyamata a wilibala. Neba wathu atamwalira, galimoto ya bokosi inaima kumsika, amuna nkusenza bokosilo m'kanjira koti anthu awiri sangayende mbali ndi mbali. Mvula ikagwa madzi alibe ngalande, amangosankha khomo la munthu. Chitsime changa ndi chimbudzi cha mnzanga wakuseri zatalikirana mapazi ochepa. Pa sukulu paja pali tchalitchi, bala ndi nyumba za lendi. Tinakadandaula ku ofesi ina, anati kumeneko si kwathu. Ofesi inanso inati tidzabwera.

Chimandipweteka nchoti mzinda uno unayamba ndi pulani. M'chaka cha 1966 Lilongwe anali katauni ka anthu osakwana 20,000. Boma la Kamuzu linakhazikitsa bungwe lomanga likulu la Capital City Development Corporation mu 1968, likulu nkusamuka ku Zomba mu 1975. Anasiya malo a misewu ikuluikulu, mitengo ndi madambo, ndipo n'chifukwa chake lero zatheka kukuza misewu ya ku City Centre ndi kumanga mlatho wodutsana wa ku Area 18. Wina anawasunga malowo zaka makumi angapo zapitazo. Koma pulaniyo inkaganizira bwana wa m'boma wokhala ndi galimoto. Womanga nyumba zake, mlonda wake ndi mayi womugulitsa tomato anakadzipezera okha pogona ku Mtandire, Mgona, Kauma ndi Chinsapo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,000 mumzindawu, osawerengera ife okhala kunja kwa malire amene m'mawa uliwonse timadzaza minibasi kulowa m'tauni.

Mapulani si kuti kulibe. A ku Japan, kudzera ku bungwe lawo la chithandizo la JICA, anathandiza kulemba pulani yaikulu mu 2010, yoyang'ana mpaka 2030. Chimene kulibe ndi mapuloti okonzedwa, okhala ndi msewu ndi paipi ya madzi, pamtengo woti mphunzitsi angaukwanitse. Ndiye ndinena mosapsatira: wokonza mzinda wa Lilongwe masiku ano ndi nduna ya amfumu ndi dobadoba wake. Mfumu sindiida kwenikweni, anthu akubwera ndi ndalama m'manja ndipo ana ake akufuna fizi. Koma munda sudulidwa ngati tauni, ndipo msewu umene sunasiyidwe poyamba sudzapezekanso popanda kugwetsa nyumba ya munthu.

Za madambo musandiyambitse. Mu February 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira nkulowa m'nyumba ku Mtandire, koma pitani lero m'mbali mwa mitsinje mukaone mipanda. Oumba njerwa akumba maenje m'dambo, mitengo yootchera njerwazo ndi makala ophikira zikuchoka ku Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe wodzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde. Tikumanga nyumba potentha nkhalango yotipatsa madzi, kenako mpopi ukauma nkumadabwa.

Ndipo bwanji tonse Lilongwe? Masomphenya a Malawi 2063 akukamba zokweza matauni asanu ndi atatu kuti akhale mizinda: Karonga, Nkhata Bay, Kasungu, Salima ndi Chipoka, Mangochi ndi Monkey Bay, Liwonde, Luchenza ndi Bangula. Ganizolo ndi labwino. Koma akapanda kukhoma mabikoni a misewu, misika ndi manda panopa, minda isanagawidwe, ku Luchenza kudzangobadwa Chinsapo wina.

Tsono mugule?

Gulani, koma osati pafoni. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 linaika dziko lonse pansi pa mapulani, ndi kumudzi komwe, ndipo la Customary Land Act la chaka chomwecho linapereka nkhani za malo a makolo m'manja mwa komiti ya malo, si mfumu payokha ayi. Siginecha ya amfumu ndi poyambira chabe. Tumani munthu wosadyapo kanthu pa malondawo akafunse ku unduna wa za malo ndi ku khonsolo ya boma ngati deralo lili ndi mapu, komanso ngati silinasungidwire ntchito ina. Ku Chitedzeko kumadutsa njanji ya ku Mchinji, ndipo pamsewu waukulu mamita 30 kuchoka pakati, mbali zonse ziwiri, ndi a boma. Akaone malowo mu January mvula itagwa, akacheze ndi banja lonse la ogulitsa, ndi amalume omwe. Saveya akhome mabikoni, msewu wolowera ulembedwe papepala ndi kukula kwake, maneba asayinepo. Ogulitsa akakana zimenezi, ndalama zanu zikhale kaye ku Joni.